Mbiri ya moyo wanga, gawo 9: Chaka chimene chiponde chikanandiphera mwana

Zikomo nonse amene munandilembera sabata yatha, makamaka inu mayi a ku Kasungu amene munati mwana wanu amamuwenga ndi mazira. Uthenga wanu ndinauwerenga kawiri. Ambiri mwakhala mukufunsa chimene chinatidanitsa ine ndi apongozi anga, poti m'gawo 5 ndinati iwo ndiwo anandilandira ndi manja awiri nditapita ku chitengwa. Nkhani yake ndi iyi.

Kwawo kwa bambo a mwana ndi ku Mchinji, dera la mtedza. Kumeneko nsinjiro ndiye mafuta, ndiyenso nyama ya wosauka. Nkhwani wotendera, chisoso chotendera, futali, zonse nsinjiro. Mwana wanga wachisamba atakwana miyezi 6, ndinachita zimene anatiphunzitsa ku sikelo: phala la mgaiwa lothira nsinjiro. Anangodya masipuni ochepa. Ndisanatsuke n'komwe mbale, milomo inali itatupa, zikope zitatsekeka, thupi lonse zidzolo, akusanza.

Apongozi atamuona sanafunse chimene wadya. Anangoti, "Amake mwana, mwamusempha mwanayu."

Bambo ake anali ku esiteti ya fodya mwezi wachitatu. Ndiye wolakwa akanakhala ndani? Apongozi anaitana ankhoswe. Anandikhazika pamphasa kuseri kwa nkhokwe, mwana ali pamiyendo panga, amayi akuluakulu atandizungulira. "Ulula, mwanawe, ungaphe mwana." Ndinalumbira, ndinalira, koma misoziyo anaitenga ngati umboni. Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti pofika madzulo kutupa kunaphwa pakokha, iwo n'kumati mankhwala a tsempho agwira ntchito. Kuchokera tsiku limenelo ndikapita pachitsime nkhani zinkaduka.

Zitachitikanso kachiwiri ndi kachitatu ndinazindikira kuti nthawi zonse ndi nsinjiro. Ndinaleka mwakachetechete. Wina mwa inu analemba kuti ndikanayenera kuthamangira kuchipatala nthawi yomweyo. Mukunena zoona, koma taganizani: ulendo wa maola awiri pansi, mwana wachira kale, ndipo mudzi wonse wagamula kuti matendawa si a kuchipatala. Ndinali mtsikana pamudzi pa eni.

Kuchotsa nsinjiro kunabweretsa vuto lina. Phala linatsala la ufa ndi mchere basi. Mwana ankadya nsima ndi msuzi wa tomato anzake akudya zotendera, ndipo mzere wa m'buku la sikelo unaleka kukwera. Tinayenda choncho zaka ziwiri.

Kenako inafika njala ya 2016. Mvula inadula, ndipo mu Epulo Pulezidenti Peter Mutharika analengeza kuti dziko lili pa ngozi. Kwathu nkhokwe inatha msanga. A zaumoyo atamuyeza pamkono ndi kalamba kaja, kanagwera pofiira, pansi pa masentimita 11.5. Anati alembedwe pa chiponde, chakudya cha mtedza chimene amapatsa ana onyentchera kuchipatala.

Asanakupatseni mapaketi opita nawo kunyumba, mwana amayamba walawa pompo kuti aone ngati akudya. Ndinawauza kuti mtedza umamuwenga. Mayi wina pamzere anaseka, amvekere, "Kumudzi kuno kulinso mwana wowengedwa ndi mtedza?" Amene ankagawawo anandiyang'ana ngati ndikunyada. Ndinachita manyazi, ndinang'amba paketi ndi manja anga, n'kumupatsa.

Ananyambita kawiri. Anayamba kukanda pakhosi. Kenako kulira kwake kunasintha, mawu anasasa, mpweya ukulira ngati wenzulo. Maso aja anandiyang'ana, akufuna kuti ndimuthandize, ine ndilibe chochita. Milomo inayamba kuda. Ndinakuwa mpaka adokotala anatuluka m'chipinda akuthamanga. Anamubaya jakisoni wa adrenaline pantchafu. Ndinagwada pasimenti nditagwira kaphazi kake, ndikuwerenga mpweya uliwonse, mpaka chifuwa chinayamba kukwera ndi kutsika bwinobwino. Zikanachitikira kunyumba, bwenzi lero ndikulemba za maliro.

Adokotala aja, Mulungu awadalitse kumene ali, anandikhazika pansi. Anati, "Mayi, thupi la mwanayu limaona mtedza ngati mdani. Kukazinga kapena kuphika sikuchotsa vutoli, ndipo ngakhale kochepa kangathe kumutseka kukhosi." Analemba ndi zilembo zikuluzikulu pachikuto cha buku lake la kuchipatala, n'kutitumiza ku chipatala chachikulu kumene anamusamalira ndi mkaka wa ana onyentchera, F-75 kenako F-100.

Musandimve molakwa. Chiponde ndi mankhwala, chapulumutsa ana ambiri, kuphatikizapo a mchemwali wanga. Wanga yekha ndiye sichimuyanja. Ndipo kwa alamu anga amene munafalitsa zoti ndinakana chiponde pofuna kuti mwana afe chinsinsi changa chisaululike, ndikudziwa kuti mumawerenga. Bukulo ndikadali nalo.

Titabwerera kumudzi ndinayamba kuphunzira kuphika mwatsopano. Ndinkasinja usipa ndi bonya n'kuthira m'phala. Masamba ndinkatendera ndi nthanga za maungu zokazinga. Nyemba, nandolo ndi khobwe ndinkamuyesa chimodzichimodzi, pang'onopang'ono, monga anandilangizira, ndipo zonse zinamuyanja. Chovuta chinali ziwiya. Mtondo wa pakhomo unali umodzi, wosinjira mtedza omwewo, chipande ndi mthiko chimodzimodzi. Nyengo yokolola ana amayenda ndi mtedza m'matumba n'kumagawana, ndiye ndinkayenda khomo ndi khomo kupempha amayi anzanga kuti asamupatse kanthu ine kulibe. Ena ankamva, ena ankati ndikuwanenera ufiti.

Apongozi sanapepese, ndipo ndinasiya kudikira. Koma tsiku lina m'mawa ndinapeza kamtondo katsopano ndi kamunsi kake pakhomo la khitchini langa. Madzulo ake ndinawamva akukalipira adzukulu ena kuti aliyense wosinjiramo mtedza aona zakuda. Za tsempho sanazitchulenso, ngakhale dzina langa pachitsime sanapite kukaliyeretsa.

Gawo likubwerali ndidzafotokoza za kubwera kwa bambo ake kuchokera ku esiteti, ndi zimene anamva panjira asanafike n'komwe pakhomo.