Musanaflashe Samsung, chotsani kaye akaunti ya Google

Foni ina yangofika kumene pano, Samsung yomwe aiflasha (kuiika Android mwatsopano) dzulo, ndipo yakakamira pofunsa akaunti ya Google imene mwini wake anaiwala pasiwedi yake. Imeneyi ndi FRP, loko ya Google yoteteza foni ikabedwa, ndipo kufufuta zonse sikuichotsa. Zimandiwawa kwambiri abale, chifukwa kuchotsa akauntiyo mu Settings musanayambe ndi ntchito ya mphindi imodzi yokha.

Mukafuna kuika Android mwatsopano ndi Odin, pulogalamu ya pakompyuta yoflashira Samsung, yambani mwasunga zithunzi, manambala ndi WhatsApp kwina. Batire ikhale yopitirira theka, chingwe chikhale cholimba, chifukwa chikagwedera pakati pa ntchito foni imatha kukana kuyaka. Firmware, mafayilo a Android amene mukuikawo, igwirizane ndendende ndi nambala ya mtundu wa foni yanu: ya SM-A145F musaiike mu SM-A146B ngakhale zonse zili A14. Mafayilo ndi anayi, BL, AP, CP ndi CSC, lililonse m'bokosi lake mu Odin. Pamene ambiri amasokonekera ndi apa: CSC imafufuta zonse, pomwe HOME_CSC, fayilo ina imene mungaike m'malo mwa CSC, imasiya zinthu zanu, mwina pamodzi ndi vuto lomwe mukulithawalo. Ngati mukufuna foni iyambire pachiyambi, sankhani CSC.

Odin isanalembe PASS musazule chingwe. Kuyaka koyamba kumachedwa ndithu, ipatseni mphindi zingapo.