Mmene ndinabera abusa mawu chifukwa cha gitala ya besi

Mukafika ku Salima nkufunsa kuti a Batire amakhala kuti, ngakhale wakabaza wa pa Kamuzu Road akulozerani kwathu osalakwitsa. Dzina limeneli si la makolo anga ayi, ndinachita kulitola kutchalitchi, ndipo gwero lake ndi gitala ya besi.

Pulezi timu yakwathu inali ndi kiyibodi, ng'oma ndi gitala ya lidi koma besi kunalibe, wa kiyibodi ndi amene amavutika kumagunda besi ndi dzanja lamanzere. Ndiye tsiku lina ku mapulakatisi pakamwa panga panangotseguka pokha, ndinangozimva ndikunena kuti "besi musadandaule ndiyimba ndine." Anthuni, besiyo ndinali ndisanayigwireko chibadwire. Chifukwa chake musandifunse kwambiri, kungoti mu alto munali munthu wina wake amene ndimafuna adziwe kuti nanenso ndilipo pa dziko pano.

Ndinayamba kutha mabandulo pa YouTube usiku uliwonse. Ndinaphunzira kuti besi ya wongoyamba kumene ndi ya nsambo zinayi, E, A, D ndi G, za nsambo zisanu zija zisiyireni eni ake. Ndinaphunziranso kuti amene anatchukitsa besi yamagetsi ndi Leo Fender mu 1951 ndi Precision Bass yake, koma kuti ife a matumba obowoka timayambira pa Squier, amene ali ngati mng'ono wake wa Fender, kapena Yamaha ndi Ibanez zotsika mtengo zija. Pofika Lachisanu ndimayankhula ngati munthu woti anabadwira mu situdiyo. Koma nditafunsa mitengo ya zatsopano ku Lilongwe thukuta linatuluka ndi m'maso momwe, paja inali nthawi yoti kwacha anali atangoyigwetsa ndi 44 peresenti mu November 2023 muja, chilichonse chochokera kunja chinali chitakwera mumtengo. Ine mthumba munali K150,000 basi, ya usipa wouma umene ndimakapikula ku Senga Bay.

Ndiye pa Facebook ndinaona mkulu wina wa ku Lilongwe akugulitsa besi yogwiritsidwapo kale ntchito, yakuda bii, yonyezimira. Pa chithunzipo anali atayikoleka pakhosi, foni ili m'manja, akudzijambula pagalasi. Ndinaona ndithu kuti zilembo za pamutu pa gitalayo zatembenuka koma ndinangoti aaa mafoni a masiku ano. Nditamuyimbira anati "mani imeneyi ndi ya active, mukangoyigunda kamodzi malata a tchalitchi chanucho asasuka." Mawu oti active ndinawakonda. Sindinafunse kuti akutanthauza chani, ndimaona ngati akunena kuti gitalayo ndi yochangamuka.

Tinagwirizana, ndinatumiza ndalama pa foni, iye nkuyikweza minibasi ya Lilongwe–Salima atayikulunga m'chitenje ndi thumba la feteleza. Kondakitala anandilipiritsa mtengo wa munthu wathunthu ati yakhala pa mpando, ine osakangana naye, chimwemwe chili tho. Pa kabaza ndinayinyamula choyimika ngati mbendera kuti Salima yense aone.

Kufika kunyumba ndinapeza agogo aamuna ali pansi pa mtengo wa mango, ndinamasula katundu wanga monyada, nkuyikoleka. Apa mpamene zinthu zinayamba kusokonekera. Nsambo yonenepa ija ya E imene pa YouTube imakhala kumwamba, kwa ine inali pansi. Timabatani ta voliyumu m'malo mokhala kumunsi tinali kumtunda tikundigunda pa mkono. Ndinayitembenuza uku, ndinayitembenuza uko, kenako galasi lija linandibwerera m'mutu. Inali gitala ya anthu amanzere. Pagalasi paja imaoneka ya manja ngati ine, ndipo zilembo zotembenuka zija zimandichenjeza ndithu, koma mbuzi ikafuna kugwa m'mbuna simva kuyitana.

Ndinamuyimbira mkulu uja. Anayankha mofatsa zedi, "koma mani munafunsa?" Ndipo zoona zake sindinafunse. Kuyimbanso kachiwiri foni inali yozima, mpaka lero.

Kulira sikukanathandiza, ndinamasula nsambo zonse nkuzisinthanitsa kuti yonenepa ibwere pamwamba. Vuto ndi loti kumutu kwa khosi la gitala kuli kapulasitiki kokhala ndi timipata tinayi, kampata kalikonse muyezo wa nsambo yake, ndiye E wonenepa uja samalowa m'kampata ka G. Ndinakakulitsa ndi mpeni wa mayi wosendera mbatata. Zinatheka, koma timabatani tija tinatsalabe mkhwapa, moti ndikayimba mizere iwiri mkono umakhala watsitsa wokha voliyumu. Agogo amangondiyang'ana akupukusa mutu. Iwowa pa unyamata wawo ankayimba babatoni, besi yathu ija ya chimtengo chachitali, ng'oma ya chikopa cha ng'ombe kumunsi ndi nsambo imodzi yokha. Anati "mdzukulu wanga, ine nsambo imodzi anthu amavina mpaka tambala woyamba, iwe nsambo zinayi koma ndikungomva ngati udzudzu wa ku Lifuwu." Samanama, paja za ampu ndinali nditayiwaliratu pa bajeti, ndipo besi yopanda ampu amayimva ndi mwini wake yekha basi.

Wa lidi anandibwereka ka ampu kake kakang'ono nkundichenjeza kuti ndisakweze, ati sipika ya gitala wamba besi imayiphulitsa. Sabata yonse ndinali pa pulakatisi, zala matuza okhaokha, ndipo chifukwa cha ulesi chingwe cha jeki sindimachizula, chimagona chili chisomekere usana ndi usiku. Chimene sindimadziwa ndi ichi: besi ya active imakhala ndi kabatire ka 9V kumsana kwake, kamakona anayi kaja, ndipo jeki ikangolowa kabatireko kamayamba kudyeka ngakhale usakuyimba. Palibe anandiuza. Ndimangodabwa kuti Loweruka mawu ayamba kusasa, ndinati mwina ndi kutentha.

Lamulungu lake linali la pepa sande, tchalitchi chodzadza mpaka ena pawindo, dzuwa la Salima likuwotcha malata ngati tili mu uvuni. Ndinavala shati yoyera yosita bwinobwino, ndinasomeka jeki mu ampu yayikulu ya tchalitchi, wa ng'oma anawerenga, ine nkugunda E ndi mtima wonse. Mawu amene anatuluka mu sipika, pepani, anali ngati munthu wadya nyemba zogona. Phwiii. Amayi a kutsogolo anayang'anizana, wina mpaka anasuntha pa benchi kumuthawa mnzake. Ndinagundanso, phwi, kenako zii.

Wa kiyibodi anandinong'oneza, "aise, batire latha ilo." Ndinati batire lanji, gitala ndi tochi? Anayitembenuza nkundionetsa kachitseko kumsana. Tsopano Lamulungu m'mawa batire la 9V ukaligula kuti, ma grocery a kwathu kuno amangodziwa a mu tochi ndi a mu rimoti. Apa mpamene satana anandilozera pa tebulo la kutsogolo pamene panali mayiki ya abusa yopanda chingwe ija. Ndimadziwa kuti imadya batire lomwelo poti ndinamuonapo mnyamata wa pa mikisa akusintha. Nthawi ya zolengeza anthu maso ali kwa mlembi, ndinayandikira ngati ndikukonza nsalu ya patebulo, ndinachotsa batire la abusa nkuyikamo langa lakufa lija. Pulani inali yoti tikangomaliza nyimbo zachopereka ndibweza msangamsanga, palibe adziwe.

Koma inu, besi ija itapeza batire lamoyo! Mkulu wa pagalasi uja pa ichi chokha sananame. Mawindo amanjenjemera, amayi nthungululu, madoda akuponya ma K2,000 m'mbale akuvina, ine ndimangoyimba manoti atatu omwewo amene ndimawadziwa uku ndikukweza voliyumu imene mkono umatsitsa. Wa mu alto uja anacheuka kawiri, ndinawerenga. Za batire zinandichoka m'mutu.

Nyimbo isanathe bwino abusa anali atatola kale mayiki yawo, mzimu uli pamwamba. Anakweza dzanja, pakamwa nkutseguka kuti aleluya, koma mawu osatuluka. Anayimenya pachikhatho, anayipemerera, anayang'ana mnyamata wa pa mikisa ndi diso loti tikumana ku vesitile. Mnyamatayo akulumbira kuti batire anayika latsopano m'mawa womwewo. Tchalitchi chonse chili chete, ine ndikuyang'ana kudenga ngati ndikupemphera. Ndiye mwana wa achemwali anga, wa zaka 9, amene anakhala kutsogolo ndi a Sande sukulu, anayimirira ndi mtima wofuna kuthandiza nkukuwa kuti "batire la abusa lili mu gitala ya amalume, ndinawaona!"

Kachitseko kaja nthawi yoyamba kanatseguka mosavuta, koma tsopano anthu onse akundiyang'ana kanakana. Ndinalimbana nako ndi chikhadabo, kenako ndi kiyi, mpaka mayi wina anandibwereka chipini cha pa duku. Ndinayenda kuchoka pa ampu kukafika ku guwa batire lili m'manja awiri ngati ndikukapereka chakhumi. Abusa analandira, analiyika, anayesa mayiki nkunena mofatsa kuti "okondedwa, lero ndinakonza uthenga wa kupereka mokondwera, koma ndaona kuti tiyambe takambirana za kutenga." Ulaliki umenewo unatenga ola ndi theka, ndipo dzina langa silinatchulidwe ngakhale kamodzi, amangoti "m'bale wina."

Wa mu alto uja anakwatiwa chaka chatha ndi wa kiyibodi. Besi ndinayibwezera nsambo mmene zinalili, chifukwa kamwana kaja kanandiwulula, kamene agogo akhala akukakalipira kuyambira kalekale kuti kasiye kudya nsima ndi manzere, kanangoyinyamula tsiku lina nkupezeka kuti ikukakwana ngati anachita kukayeza. Pano ndi iyeyo amene amayimba besi ku pulezi timu. Ine ntchito yanga ndi kumunyamulira gitala pa kabaza, ndipo ndikamalowa m'tchalitchi mnyamata wa pa mikisa amatenga mayiki ya abusa nkuyika m'thumba la jekete.