Batire yakufa ili ndi mtengo, koma si batire iliyonse

Teremu ino tikuphunzira za kasungidwe ka magetsi, ndipo gawo limene landigwira mtima ndi la mabatire a lithium akatha ntchito, kaya a galimoto zamagetsi kaya osungira magetsi a sola. Njira zochotsera zitsulo m'batire yakufa zilipo kale ndipo zimagwira ntchito bwinobwino. Chimene mabuku athu amangochilambalala n'chakuti ndani amalipira ntchitoyo, makamaka batire ikakhala yopanda chitsulo chodula chotchedwa cobalt.

Poyamba, batire ya galimoto yamagetsi amati yatopa ikamasunga magetsi okwana 70 mpaka 80 peresenti ya mmene inkasungira ili yatsopano. Pamsewu ndi vuto, chifukwa mtunda umafupika, koma ikaikidwa pamalo amodzi imatha kukokabe zaka zingapo. Ku Amsterdam, bwalo la mpira la Johan Cruijff Arena linayamba mu 2018 kusunga magetsi m'mabatire amene ena mwa iwo anachokera m'galimoto za Nissan Leaf. Zabwino ndithu, kungoti uku n'kukankhira tsiku la maliro kutsogolo.

Mu labu anatipatsa timabatire ta m'laputopu yakale, tija amati 18650 chifukwa ndi tamamilimita 18 m'lifupi ndi 65 m'litali. Aphunzitsi anayamba atsimikiza kuti mulibe moto, kenaka anakadula m'kabati yokoka mpweya, ife titavala magolovesi ndi magalasi. Mkati mwake ndi timapepala topyapyala tokulungidwa ngati mphasa: kamkuwa kopakidwa graphite wakuda, kapulasitiki koyera pakati, ndi ka aluminiyamu kopakidwa ufa wina wakudanso. Mu ufa wachiwiriwo ndi mmene muli lithium ndi cobalt. Ukaukanda ndi kampeni umangoyoyoka pang'onopang'ono, wina n'kukakamira ndithu chifukwa cha guluu amene anaumatira. Ndinaona ndi maso kuti anthu opanga batire ankaganiza zoti ikhale yolimba, osati zoti tsiku lina wina adzaiphwasule.

Kufakitale sakanda ndi kampeni. Amachotsa magetsi otsala, nthawi zina poviika m'madzi amchere, kenaka makina amaphwanya zonse n'kusefa. Mkuwa, aluminiyamu ndi pulasitiki zimapita padera, n'kutsala ufa umene pamsika amautcha black mass. Gawo limeneli ndi loopsa: batire ya lithium ikabooledwa ili ndi moto imatentha yokha mpaka kuyaka, ndipo utsi wake umakhala ndi hydrogen fluoride, mpweya wowononga mapapo.

Kuchoka apa njira zimasiyana. Yakale ndi ya ng'anjo, monga imene kampani ya Umicore ili nayo ku Hoboken m'dziko la Belgium. Amasungunula zonse pamoto waukulu, cobalt, nickel ndi mkuwa n'kutsika pamodzi ngati chitsulo chimodzi. Ubwino wake ng'anjo sisankha, imadya batire yamtundu uliwonse. Koma graphite amapsa, ndipo lithium amatsalira m'zinyalala za ng'anjo, moti kuti umupeze uyambenso ntchito ina. Njira yachiwiri ndi ya asidi. Ufa uja amausungunula mu sulphuric acid, kawirikawiri ndi hydrogen peroxide, kenaka amapatula chitsulo chimodzichimodzi ndi mankhwala. Iyi imapulumutsa zambiri, ndi lithium yemwe, koma imasiya madzi ochuluka ofunika kuyeretsa. Yachitatu ndi imene ine ndaikonda, ngakhale idakali yaing'ono: osaphwasula ufa wa cathode, uja wopakidwa pa aluminiyamu, mpaka kufika pa zitsulo zake, koma kuuyeretsa, kuubwezera lithium amene unataya, n'kuugwiritsanso ntchito. Ku America, bungwe la ReCell limene linakhazikitsidwa mu 2019 ku Argonne National Laboratory likufufuza zimenezi. Chovuta chake, imafuna mabatire amtundu umodzi osasakaniza, pomwe kumtaya zinthu sizibwera zosankhidwa.

Tsono apa ndi pamene pagona nkhani. Batire yamtundu wa NMC ili ndi nickel, manganese ndi cobalt, ndipo wokonzanso, uja wochotsa zitsulo m'batire yakufa, amapeza phindu lake pa cobalt ndi nickel. Cobalt ndi wodula, ndipo pafupifupi 70 peresenti ya amene amakumbidwa padziko lonse amachokera ku DRC, madera a Kolwezi uko. Koma opanga mabatire akhala akuthawa cobalt, mwa zina chifukwa cha mtengo ndi mbiri ya ana ogwira ntchito m'migodi. Athawira ku LFP, imene ili ndi lithium, chitsulo wamba ndi phosphate basi. Ndi yotsika mtengo, siyaka chisawawa, imakhalitsa. Kwa wogula palibe chodandaula. Kwa wokonzanso, mulibe mnofu. Chotsala chamtengo ndi lithium ndi kamkuwa kaja, ndiye mtengo wa lithium utagwa kwambiri kuchoka pomwe unafika kumapeto kwa 2022, masamu anasokonekera. Si makampani onse anapirira nyengoyi: Li-Cycle, kampani yokonzanso mabatire ya ku Canada, imene inkatamandidwa kwambiri, inalephera kubweza ngongole mu 2025 ndipo kampani ya migodi ya Glencore inaitenga.

Mayiko a European Union anaona kuti msika pawokha sungathe, ndiye anaika lamulo mu 2023. Pofika kumapeto kwa 2027 okonzanso azipulumutsa 50 peresenti ya lithium ndi 90 peresenti ya cobalt, nickel ndi mkuwa. Pofika kumapeto kwa 2031 zikwere kufika 80 ndi 95. Wopanga kapena wobweretsa batire ndiye ali ndi udindo woitolera ikafa. Ena m'kalasi ankati lamuloli likweza mitengo. Mwina, koma ine ndikuona kuti mtengowo unalipo kale, kungoti ankaulipira ndi munthu wokhala pafupi ndi dzala.

Kwathu kuno nkhaniyi si yakutali monga ena amaganizira. Ku Golomoti, m'boma la Dedza, malo opangira magetsi a sola a mamegawati 20 anayamba ntchito mu 2022 ali ndi mabatire a lithium osungira magetsi. M'mashopu a sola m'tauni, mabatire ambiri a lithium amene akulowa m'malo mwa akale aja alembedwa LiFePO4, imene ndi LFP yomweyo. Batire yakale yagalimoto sigona panja, ogula zitsulo amaisaka khomo ndi khomo chifukwa mtovu uli ndi msika. Ya LFP ndani adzaisaka? Kuitumiza kunja si zongokweza pa lole: imatengedwa ngati katundu woopsa, ndipo zinyalala zoopsa zikamadutsa malire pamafunika zilolezo za pangano la Basel la mu 1989. Ndiye onjezani ulendo wa ku Beira kapena Nacala.

Mu lipoti langa ndalemba kuti pogula mabatire akuluakulu, kaya ndi boma kaya kampani, chiganizo chonena amene adzawatenge akatha ntchito chizilowa mu kontilakiti pa tsiku losaina, wogulitsa akadali ndi chidwi ndi ndalama zathu. Aphunzitsi alemba m'mphepete ndi bolopeni yofiira kuti ndiwerengere mtengo wonyamula tani imodzi kukafika kudoko, ndiye ndi zimene ndikuchita sabata ino.