Mpendadzuwa wanga wa ku Chongwe

Mtengo wa saladi, mafuta ophikira, utakwera pa msika wa Soweto mu Lusaka, ine ndinayamba kuona mafuta paliponse. Tsiku lina mu Meyi, tili mu minibasi pa Great East Road kuchokera ku Chongwe, ndinaona zitsamba m'mbali mwa msewu, chitsamba chimodzi maluwa achikasu mbwee. Mumtima ndinati anthu a ku Petauke akuvutikiranji ndi mpendadzuwa wa mutu umodzi, pomwe wa mitu yambiri ukungomera wopanda mwini? Ndinauza kondakitala anditsitse pomwepo. Chenji ndinamusiyira, poti ndinali nditalemera kale.

Ku Mtendere ndinafika ndi mtolo wa timitengo, ndinazika kuzungulira nyumba, n'kumathirira madzi otsukira mbale. Timitengo tonse tinaphuka.

"Bambo a Chisomo," anatero akazi anga, "mpendadzuwa wobzala ngati chinangwa munauona kuti?"

Ndinawauza kuti ndi mbewu yamakono, asadandaule. Mvula itagwa zitsamba zinapitirira denga, ndipo ine ndinaimbira apongozi ku Chipata kuti akamabwera atenge chigubu cha malita 20.

Maluwa atachita bwino, kunabwera mwana wa mlongo wanga amene amaphunzira zaulimi pa yunivesite ya UNZA. Anathyola duwa limodzi, naling'amba ndi chikhadabo.

"Amalume, banja mwalondola, koma nyumba mwaphonya. Uyu ndi deliya."

Mnyamatayo akayamba kuphunzitsa sasiya. Akuti deliya ndi Tithonia diversifolia, kwawo ndi ku Mexico ndi Central America, ndipo gulu la Tithonia ndi laling'ono, mitundu yake ndi yongopitirira 10. Mpendadzuwa weniweni ndi wa gulu lina, Helianthus, ngakhale onse ali m'banja la Asteraceae. Anandionetsa kuti chimene ndinkati duwa limodzi ndi timaluwa tambirimbiri tothinana pamutu umodzi: ta m'mphepete tili ndi kalilime kachikasu koitanira njuchi, ta pakati ndito timabala njere. Phesi la pansi pa mutu ndi lotupa, mkati mwake mphako, masamba ena ogawika patatu, ena pasanu, ena osagawika n'komwe. Kenako anafikisa mutu wouma m'dzanja langa. Tinjere take, abale, nkhuku ya aneba inatiyang'ana n'kupitiriza ulendo.

Koma pa zonse ananenazo khutu langa linatola mawu amodzi. Anati m'banja lomwelo muli letesi ndi chisoso. Chisoso! Ngati mafuta alephereka, ndiwo zilipo. Munthu wosamalira chitsamba kuyambira chilimwe mpaka masika sangatuluke chimanjamanja.

Apongozi anafika Loweruka, chigubu chili m'manja. Akazi anga atapita kukawachingamira ku siteshoni ya mabasi ya Intercity, ine ndinatchola nsonga zanthete, ndinatendera bwinobwino ndi nsinjiro, tomato wambiri. Sindinalawe, mwamuna salawa mumphika alendo asanadye. Ndinapereka mbale, n'kukakhala panja monga mwa ulemu wake, khutu lili kukhomo.

Mkati munali zii. Kenako ndinamva kapu ya madzi ikugunda patebulo, n'kudzazidwanso. Mayi aja ndi a mpingo, sanalavule. Anameza. Atapeza mpweya anafunsa mwana wawo motsitsa mawu, koma ine ndinamva:

"Iwe, amuna akowa ndinawalakwira chiyani?"

Chisomo, amene anali atatsinako pang'ono, anatuluka akupukuta lilime ndi malaya, misozi ili chuchuchu. Ndinalawa ndekha kuti ndiwatsutse onse. Kuwawa kwake kunandifika m'makutu, ndipo tiyi wa m'mawa mwake ankamvekabe deliya.

Wa ku UNZA uja anaitanidwa kudzaweruza. Ataseka mpaka kukhala pansi, anati chibale cha zomera sichitanthauza chibale cha mumphika. Anawonjeza kuti masamba a deliya ali ndi nayitirojeni wambiri, amawola msanga ukawakwirira m'dimba, ndipo alimi ena amawanyika m'madzi n'kupopera nsabwe za pa repu.

Apongozi atamva za manyowa aulere, nkhope inamasuka. Feteleza amawadya ndalama chaka ndi chaka. Anandituma, kudzera mwa mwana wawo, kuti ndiwadulire mtolo waukulu wa timitengo, ndikaulipirire ndekha pa basi. Chigubu anachisiya pakhonde. Akuti adzachitenga pa Khirisimasi, chodzaza, ndipo komwe ndikagule saladiyo si nkhani yawo.