Mmene tinawotchera nyanga kathole kathu kuno ku Thyolo

Ife tili cha ku Bvumbwe, ng'ombe yathu ndi yamkaka, Friesian yosakanizika, ndipo imakhala m'khola basi, nsenjere timachita kuyidulira. Amene muli ndi khola lotere mukudziwa kale, ng'ombe yanyanga ndi mavuto okhaokha, ibaye inzake, ibaye wokama, pena ikodwe pamitengo ya modyera. Ndiye itaswa kathole kakakazi ndinaimbira foni adokotala a ziweto kuti nyanga tizichotse liti.

Anandiuza kuti ndisadikire mpaka nyanga zionekere, ndizikagwira pamutu ndi chala, ndikamva tinthu tolimba ngati nthanga toyendayenda pansi pa khungu ndiye nthawi yake imeneyo. Akuti pamenepo kanyanga kamakhala kasanagwirane ndi chigaza, kamadzagwira thole likamakwanitsa miyezi 2, mukadutsa apo ndiye ntchito yasanduka yodula, ndipo ng'ombe yaikulu mkati mwa nyanga mumakhala mphako yolowera m'mutu, mukadula magazi osati masewera, patsala bowo, ntchentche zabwera, mawa lake mphutsi.

Ine maganizo anga anali pa mankhwala opaka pakanyanga kuti kasamere aja, caustic paste, poti saoneka ovuta. Iwo anakana. Akuti amagwira bwino thole likadali la sabata yoyamba, komanso ndi chiperoni chathuchi mutu ukangonyowa mankhwala amayenderera mpaka m'maso kathole nkuchita khungu, kapena kakapaka bere la mayi ake poyamwa. Tinagwirizana za chitsulo chamoto.

Tsikulo anafika m'mamawa panjinga yamoto, ife tinali titasonkha kale mbaula ndi kuyala udzu wouma pansi. Anameta ubweya kuzungulira timanyangato ndi sizasi, kenako jakisoni wochititsa dzanzi, lignocaine. Sabaya panyanga penipeni ayi, amafufuza ndi chala pakati pa diso ndi nyanga, pali kafupa kotukuka, kunsi kwake ndi komwe kumadutsa mtsempha wopita kunyanga, abaya uku, abaya uko. Ndiye kudikira mphindi ngati 10, ndipo apa musawafulumizitse adokotala olo mkaka ukuchedwa ku bulking komwe alimi timakagulitsa mkaka. Atatha anayesa kubaya ndi nsonga ya singano m'mbali mwa kanyanga, kumanzere zii, kumanja kathole kanagwedeza khutu, anawonjezera mankhwala nkudikiranso.

Malume anga analipo akugwira miyendo, iwo zonsezi ankangoona ngati kutaya ndalama. Amvekere kale timangomanga chingwe nkudula, ng'ombe yake iti inafa nazo. Adokotala sanakwiye, anangowafotokozera kuti ng'ombe ndi nyama yomwe kutchire imagwidwa ndi zilombo ndiye inazolowera kubisa ululu, kusalira sikutanthauza kuti sikumva kuwawa. Akuti muziona makutu akamakupizakupiza, kupukusa mutu, kukhula mutu pamtengo, kusiya mkaka m'ndowa. Ndipo zoti kathole poti nkakang'ono sikamva kwenikweni anati zimenezo ndi zongokamba, kamamva ndithu. Chomwe amadandaula iwo nchakuti alimi ambiri tikangomva kuti jakisoni ali ndi mtengo wake timati ingowotchani, iwonso pena mankhwalawo amakhala alibe m'chikwama.

Kuwotcha kwenikweniko sikunatenge nthawi. Chitsulo chitafiira anachikanikiza pakanyanga nkuchipotoza masekondi ochepa, utsi fuu, fungo la ubweya wopserera mpaka kukhitchini, atachotsa panatsala mkombero wofiirira kuzungulira. Kathole kanangodzidzimuka ndi utsiwo koma osaphupha, malume anangoti eeh nkukhala chete. Anapopera mankhwala a pachilonda aja apepo, kenako jakisoni wachiwiri pakhosi pansi pa khungu, wochepetsa ululu, meloxicam. Uyu ndi amene ambiri timamudumpha koma kwa ine ndi wofunika mofanana ndi woyamba uja, chifukwa dzanzi limatha pakangopita maola 2 kapena 3, ululu wonse wa moto uja nkubwerera adokotala ali kale kwawo, pomwe meloxicam amagwira mpaka tsiku lotsatira. Kathole kathu madzulo ake kanamwa mkaka wonse bwinobwino.

Zotsala ndi zanu mlimi. Kakhale pouma posadontha, muziyang'ana pachilonda m'mawa uliwonse mukamakapatsa mkaka, nkhanambo musaichotse imagwa yokha, ndipo musadabwe kupola kumatenga mwezi ndi kupitirira, pena mpaka miyezi 2. Mukaona mafinya, fungo, kutupa kapena mphutsi imbani foni tsiku lomwelo.

Poimba foni yoyamba ija nenani kuti mukufuna majakisoni onse awiri ndipo funsani mtengo wake nthawi yomweyo kuti abwere atanyamula, osamakakambirana chitsulo chili kale pamoto. Ngati ndi kamphongo kofuna kufula funsaninso zomwezo, adokotala athu anati nakonso amakabaya.