Ulendo wa kalabu yathu ku Bwanje

Inu amene munatsala ku Bembeke, lekani kumvera mphekesera, nkhani yake ndi iyi.

Tinanyamuka mbandakucha ndi thumba la kachewere loti tikapatse otilandira. Tikutsetsereka pa Khwekhwelere, minibasi inayamba kununkha chopserera. Adalaivala anati mabuleki atentha, aliyense atsike. Potsika mwaphuma thumba lija linakodwa pachitseko n'kung'ambika, mbatata mbwee mumsewu, zina zikugubuduzika kumatsetse. Anyamata anaziyamba liwiro, amayi a msungichuma ali m'mbuyo kukuwa kuti mbatatazo ndi za ndalama za gulu. Agogo athu, atakhala pamwala phee, anangoti, "Zisiyeni ana inu, tikazipeza ku Golomoti." Mpaka lero tikuwaitana kuti a Golomoti.

Ku sikimu ya ulimi wothirira ya Bwanje anationetsa ngalande zochokera mumtsinje wa Namikokwe, zothirira mahekitala 800 a mpunga, zomangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Alangizi anafotokoza zosalima mpaka m'gombe, kusiya bango ndi nsenjere, kudzala nsungwi ndi vetiva, komanso kumanga nyumba kumtunda. Mlembi analemba zonse.

Chomwe chinatigwira mtima chinachitika pa ngalande. Mayi wina wa kumeneko anatapa mchenga wodzadza manja awiri, n'kuwaonetsa atcheya athu. "Bambo, dothi ili ndi lanu. Inu mukadula mitengo kumapiri, ife kuno timagona maso, mvula isanagwe n'komwe kwathu." Atcheya anapsa mtima, amvekere ife sitinabwere kudzazengedwa mlandu, nanunso mumagula makala athu omwewo. Mawu anakwera ndithu, mpaka anyakwawa analowererapo. Ine ndikuti mayi aja sananame. Madimba athu angati afika m'madzi mwenimweni? Tikuwadziwa tonse, ndi eni ake omwe.

Mkangano unathera pa mphasa. Mpunga wonunkhira, nsomba zotendera, thobwa la m'ndowa. Atcheya anawonjezera mbale, ndipo anawaomolera ndi mayi omwe aja.

Tikuthokoza amayi amene anatiphikira, adalaivala amene anatibweza amoyo, ndi achemwali amene anabwereketsa chitenje chomangira mbatata zotsala.

Loweruka tikumane kwa amfumu ndi makasu, tikayambe kudzala nsungwi ku dimba la atcheya, anadzipereka okha. Amene simunamalize ndalama ya galimoto mubwere nayo, amayi a msungichuma akudikira.