Intaneti yothamanga ifike pakhomo, isathere pamsewu

Usiku wathawu ndinatha maola awiri ndikutumiza fayilo imodzi ya kuntchito. Kamzere kaja kosonyeza momwe fayilo ikupitira kamafika pakati n'kuima, kenako n'kuyambiranso. Zinandipweteka mtima abale, chifukwa waya wa fiber, wobweretsa intaneti yothamanga, unadutsa pamsewu waukulu, koma kunyumba sunafike.

Boma likamalonjeza intaneti yothamanga, ine ndimafuna kumva za kachigawo komalizaka, kochokera pamsewu kukafika pakhomo ndi pabizinesi. Apa ndi pomwe pamalowa ndalama zambiri, makamaka pokumba ngalande, ndipo makampani amazemba malo amene nyumba ndi zotalikirana poti phindu limachedwa. Boma lilowererepo basi. Msewu ukamamangidwa, mapaipi odutsamo waya aziikidwiratu, ndipo makampani azigwiritsira ntchito limodzi nsanja ndi mapolo m'malo moti aliyense azidzika zake.

Ku Finland, mu 2010, lamulo linapatsa nzika iliyonse ufulu wokhala ndi intaneti yosachepera 1 Mbps (Mbps ndi muyeso wa liwiro la intaneti). Liwiro limenelo lero ndi lochepa, komabe anthu akumidzi anapeza poyambira kudandaula.

Za mtengo nazonso azinene poyera. Waya utafika pakhomo ine n'kumalephera kulipira mwezi ndi mwezi, fayilo ija sidzapitabe.